Makamera a anyalugwe ku Kasungu: pomwe ntchito yafika

Meyi, kumayambiriro

Chilolezo cha kafukufuku chatuluka nde tayamba basi. Kwa amene mwangotipeza kumene, ntchito yake ndi iyi: tikutchera makamera m'nkhalango ya Kasungu kuti tidziwe kuti anyalugwe alipo angati komanso akumayenda kuti, kuphatikizapo amphaka ena a m'tchire ang'onoang'ono monga njuzi ndi vumbwe amene nthawi zambiri palibe amawafunsa. Makamera ake si ogwira pamanja ai, umangomangirira pa mtengo n'kumapita, mkati mwake muli kasensa kamene kamamva chinthu chofunda chikamayenda kutsogolo kwake, nyama ikangodutsa kamera imadzijambulira yokha kaya masana kaya usiku, ife timangobwera patapita masabata kudzasintha mabatire ndi memore khadi.

Ena mumafunsa kuti bwanji Kasungu, bwanji osapita ku Liwonde kapena ku Majete komwe kuli mikango ndi ma cheetah. Kumene kuja nyama zake zambiri anachita kubwera nazo ndipo amazidziwa imodziimodzi. Mikango inabwerera ku Majete mu 2012, ma cheetah anafika ku Liwonde mu 2017 kuchokera ku South Africa dziko lathu litakhala zaka pafupifupi 20 opanda cheetah olo mmodzi, mikango ya ku Liwonde inatsatira mu 2018, ndipo zina zinavekedwa makolala a GPS m'khosi nde ukafuna kudziwa komwe zagona umangoyang'ana pa kompyuta. Anyalugwe a ku Kasungu sanabwere pa ndege, ndi eni nthaka, anapulumuka okha zaka zonse zomwe nkhalangoyi imaphedwa nyama mopanda chisoni, ndipo palibe wovala kolala. Malo akenso ndi aakulu, ma square kilomita opitirira 2,000, yachiwiri kukula kuchokera pa Nyika, inakhala national park mu 1970, ndipo kumadzulo kwake yachita malire ndi Zambia nde nyama zimatha kuwoloka popanda pasipoti.

Sikuti ndife oyamba. Pakati pa 2016 ndi 2018 kunachitika kafukufuku wa makamera momwemuno wotsogoleredwa ndi Rob Davis, ndipo anapeza kuti anyalugwe akuluakulu ndi pafupifupi 2 okha pa ma square kilomita 100 alionse, afisi ochepera pamenepo. Nambala yotsika kwambiri imeneyo. Chichokereni nthawi imeneyo zinthu zina zasintha, ulonda wakhwimako, ndipo mu 2022 kunabwera njovu 263 kuchokera ku Liwonde pamodzi ndi nyama zina zoposa 400, nswala, njati, njiri, mphalapala ndi zina. Nyalugwe alibe nazo ntchito njovu, koma nswala ndi njiri nde ndiwo zake zimenezo. Funso lathu nde lagona pamenepo, kodi ndiwo zitachulukako eni ake nawo ayamba kuchuluka kapena ai.

Meyi, kumapeto

Udzu udakali wautali kuposa munthu, misewu ina mpaka pano matope. Takhala tikuyenda wapansi kusankha malo.

Pa mapu zimaoneka zophweka, umajambula timabokosi pa laputopu n'kunena kuti bokosi lililonse mukhale siteshoni imodzi, kutalikirana kwake makilomita angapo, cholinga choti olo nyalugwe wamkazi amene dera lake limakhala laling'ono asakhale ndi mpata wokhala pakati pa makamera osajambulidwa. Koma ukafika pomwe GPS yakulozera umapeza pali chulu, kapena dambo lomira mpaka m'mawondo, nde apa mpomwe achikulire a gemu amene timayenda nawo amaonetsa ukatswiri. Alipo mmodzi wagwira ntchito muno kalekale, samayankhula zambiri, amangoyenda maso pansi kenako n'kuima, "mwana wanga, pomwe mwaloza apo sipadutsa kanthu, tiyeni uko pokumana njira ya njovu ndi msewu." Ukapita ukapezadi mapazi. Anandiphunzitsa kusiyanitsa, phazi la nyalugwe ndi lozungulira ndipo zikhadabo sizioneka chifukwa amazibweza mkati akamayenda, la fisi zikhadabo zimadinda pansi ndipo zala zake ndi zothinana zokhotera mbali imodzi. Nyalugwe sakonda kuvutika ndi udzu wa mame, amakonda msewu, njira zopondedwa kale, ndi mchenga wa m'mitsinje yophwa.

Pa siteshoni iliyonse tikuika makamera awiri, ina tsidya lino la njira ina tsidya linalo, kutalika kwake cha m'bondo. Osaziyang'anitsa maso ndi maso ai, umazipatutsa pang'ono, apo bii fulashi ya ina imaphimba chithunzi cha inzake umangopeza kuyera kokhakokha. Chifukwa chake cha awiri nchakuti mawanga a nyalugwe kumanzere ndi kumanja safanana olo pang'ono, nde ukakhala ndi chithunzi cha kumanzere lero n'kudzapeza cha kumanja mwezi wamawa sungadziwe ngati ndi nyama imodzi kapena ziwiri. Nkhani imeneyi mudzaimvanso kutsogoloku chifukwa ndi yomwe imatidwalitsa mutu.

Ukamanga kamera umayenera kuiyesa, ndipo kuyesa kwake nkukwawa ndi manja ndi mawondo kudutsa kutsogolo kwake kuti uone ngati yakugwira pa nthiti. Nde khadi lililonse chithunzi choyamba ndi munthu wamkulu ndi ndevu zake akukwawa pa msewu, achikulire aja ataima poteropo ndi mfuti akuseka. Kenako kusenga udzu wonse kutsogolo kwa kamera, kulemba nambala ya siteshoni, tsiku ndi nthawi, kuona kuti wotchi ya kamera ili bwino, loko, n'kumapita. Akashembe nde atilandira bwino kwabasi, amaboola ndi malaya omwe, ndipo tasiya kuvala zakuda ndi zabuluu chifukwa nzomwe zimawaitana.

Juni

Makhadi oyamba abwera. Zithunzi zilipo zambirimbiri koma zochuluka ndi udzu. Dzuwa likatentha udzu, mphepo n'kuugwedeza, kasensa kaja kamaona ngati padutsa nyama, nde kamera imodzi ya pa dambo yajambula udzu wokhawokha mpaka khadi kudzadza mabatire n'kuthera pomwepo. Tikugwiritsa MegaDetector, pulogalamu ija imasefa zithunzi zopanda kanthu n'kukusiyira zomwe muli nyama, munthu kapena galimoto, yatipulumutsa kwambiri, koma kukuuza kuti nyalugwe uyu ndi uti siingathe, zimenezo ndi za maso athu.

Zomwe zajambulidwa kwambiri: anyani, agwape, nguluwe, nungu, afisi, fungwe, ndi njovu zomwe nthawi zambiri umangoona mwendo kapena chitamba. Anyani ndi anthu ovuta. Akaipeza kamera amakhala pomwepo tsiku lonse, kusuzumira, kunyambita, kuitembenuza kuti iloze kumwamba, nde masabata otsatira umangojambula mitambo. Fisi wina watafuna bokosi la pulasitiki mpaka kuboola, chithunzi chomaliza ndi m'kamwa mwake. Zomwe zili m'mabokosi achitsulo zili bwinobwino, vuto mabokosiwo ndi ochepa, nde tawasamutsira komwe afisi achuluka.

Koma nyalugwe watuluka. Wamkazi, usiku kwambiri, pa msewu wa kufupi ndi damu la Lifupa, makamera onse awiri anamugwira bwinobwino mbali zonse, akuyenda mwa phee mchira utapindikira m'mwamba osalabadira fulashi. M'buku tamulemba F1, kutanthauza wamkazi woyamba. Ku kampu anyamata akumutchula kuti Nangondo, kaya dzinalo analitenga kuti. Tinasonkhana pa laputopu tonse mpaka ophika omwe anasiya mphika pa moto.

Za fulashi ndifotokozeko pang'ono poti ena munadandaula kuti tikuzunza nyama. Makamera alipo a mitundu iwiri, ena amawala zoyera n'kutulutsa chithunzi cha kala chakuthwa, ena amagwiritsa kuwala kosaoneka ndi maso koma chithunzi chake chimakhala chakuda ndi choyera ndipo nyama ikamayenda mawanga amapakika osawerengeka. Pa ntchito yowerenga anyalugwe oyerawo ndi omwe amathandiza. Amphaka ambiri sasamala nazo, amangophethira n'kupitiriza ulendo. Amene amasamala nazo ndi anthu oyenda usiku m'nkhalango, fulashi ikangowala basi adziwa pomwe pali kamera, nde cha kumalire tikuika zosawala zija olo zithunzi zake zikhale zosakoma.

Julayi

Kukuzizira koopsa m'mawa, ndipo ntchito yambiri mwezi uno yakhala ya pa tebulo, kufananitsa mawanga.

Mmene timachitira ndi chonchi. Chithunzi chilichonse cha nyalugwe amachiona anthu awiri payekhapayekha osauzana, aliyense alembe kuti uyu ndi F1, kapena M2 (mphongo yachiwiri), kapena watsopano. Timayang'ana malo atatu kapena kuposa, paphewa, pa nthiti, pa ntchafu, pena ndi mkati mwa miyendo momwe mawanga ake ndi akuluakulu osavuta. Tikagwirizana zalowa m'buku. Tikasiyana timaitana wachitatu, naye akakaika chithunzicho chimapita mu foda ya osadziwika ndipo sichilowa mu masamu. Pulogalamu ya HotSpotter imathandizako kukupatsa zithunzi zomwe zikufanana, koma kugamula timagamula tokha.

Ena mu timu amaona ngati ndikuumitsa zinthu. Koma taonani, mu 2020 kunatuluka kafukufuku amene anatenga ma snow leopard, amphaka a mawanga a m'mapiri ozizira a ku Asia, 16 osungidwa m'malo oonetsera nyama, odziwika bwino lomwe kuti uyu ndi uyu, anawajambula ndi makamera ngati athuwa n'kupatsa anthu kuti awasiyanitse. Anthuwo, ena akatswiri ndithu, amalakwitsa pafupifupi chithunzi chimodzi pa 8 zilizonse, ndipo kulakwitsa kwake kumapendekera mbali imodzi, kugawa nyama imodzi kukhala ziwiri, mapeto ake chiwerengero chimakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Nde tangoganizani kuno komwe anyalugwe ake ndi owerengeka kale, ukangobala anyalugwe awiri a m'mutu mwako lipoti lonse lanama, n'kumauza anthu kuti zinthu zikuyenda pomwe sizikuyenda. Mtima umafuna nambala yaikulu, opereka ndalama amafuna nambala yaikulu, ifenso tikufuna tioneke kuti tagwira ntchito, nchifukwa chake lamulo la anthu awiri lija sindikulisintha.

Amene watigawanitsa ndi mphongo ina yaikulu, khosi lolendewera, khutu limodzi long'ambika. Inadutsa pa siteshoni yomwe kamera imodzi inali itafa, nde tili ndi kumanja kokha. Kwina makilomita angapo tili ndi mphongo ya kumanzere kokha, thupi lofanana, koma mutu unatembenukira uko khutu silikuoneka. Mnzanga akulumbira kuti ndi yomweyo. Ine ndikuti mwina, koma mwina salowa m'buku. Ziliko njira za masamu zomwe zimalola zithunzi za mbali imodzi, kafukufuku wa 2016 mpaka 2018 uja anagwiritsa yotero, imayang'ana kuyandikana kwa malo n'kuyerekeza mpata woti kumanzere uku ndi kumanja uko ndi nyama imodzi. Tidzaigwiritsa pomaliza. Pakali pano zili mizere iwiri yosiyana ndi chizindikiro cha funso.

Poti ndatchula masamu ndingomaliza. Sitimangowerenga nkhope n'kunena kuti alipo akuti, chifukwa ena sadutsa pa kamera olo kamodzi. Chomwe chimathandiza ndi kubwereza. Ngati anyalugwe omwewo akumangobwerabwera ndipo atsopano asiya kutuluka, ndiye kuti tatsala pang'ono kuwaona onse, koma ngati khadi lililonse likubweretsa mlendo ndiye kuti kunjaku aliko ambiri omwe sitinawaone. Komanso kutalikirana kwa masiteshoni omwe nyalugwe mmodzi wajambulidwapo kumatiuza kukula kwa dera lake. Zonsezi zimalowa mu pulogalamu ya masamu ya pa kompyuta yotchedwa secr n'kutulutsa kuti pa ma square kilomita 100 pali angati. Nzeru yowerenga amphaka ndi makamera anaitchukitsa ndi Ullas Karanth ku Nagarahole, India, m'ma 1990, iye amawerenga ma tiger pogwiritsa mizere yawo, kuno tangosintha mizere kukhala mawanga.

Ogasiti, sabata yoyamba

Moto. Siteshoni imodzi yapsa, kamera kusungunuka n'kumamatira ku mtengo, khadi lomwe. Zina tinazilambulira mozungulira nde zapulumuka. Ubwino wake pa lupsa palibenso udzu wonamiza sensa.

Ogasiti, kumapeto

Tinapita kumudzi wina wa kumalire a kum'mawa, titatumiza uthenga kwa afumu kaye. Chomwe chinatipititsa ndi mbuzi, akuti chilombo chikumalowa m'khola usiku, ndipo anyamata anali atayamba kale kukamba zothira mankhwala pa nyama yotsala. Poizoni ndi amene timamuopa kwambiri chifukwa samasankha, amapha nyalugwe, fisi, nkhandwe, miimba, ndi agalu a m'mudzi momwemo.

Msonkhano sunayambe ndi mbuzi, unayamba ndi njovu, ndipo sizodabwitsa. Anthu a m'mbali mwa nkhalangoyi, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, aonongeredwa minda ndipo ena ataya abale chifukwa cha njovu, nde munthu ukabwera ndi nkhani ya amphaka amakuyang'ana ngati ukusewera. Mayi wina anandifunsa mosapsatira kuti "achimwene, inu mukuwerenga anyalugwe, nanga chimanga chathu akuwerenga ndani?" Ndinangoti mafunso amenewo ndikawatula kwa oyenera, poti kulonjeza zomwe sindingathe ndi bodza. Afumu ndi amene anabweza nkhani ku khola.

Tinapempha kuika kamera imodzi pa kholapo, eni ake anavomera. Patapita masiku tinabwerera n'kuonera limodzi pa laputopu pansi pa mtengo wa mango. Fisi. Amabwera cha m'ma 2 koloko usiku, kununkhiza, n'kukankha pomwe mitengo ya khola yatalikirana, ndipo chitseko chake chinali chiguduli chabe. Anthu anaseka, ena anakhumudwa poti amafuna akhale nyalugwe. Tagwirizana zothina mitengo, kuika chitseko cha matabwa ndi kutseka pamwamba, poti nyalugwe akanakhala iyeyo akanalowera pamwamba. Sindikunena kuti anyalugwe sagwira mbuzi, amagwira, agalunso amawakonda kwambiri, koma pa khola ili mlandu sunali wake.

Kamera yomweyo inatipatsa china chomwe sitimayembekezera, vumbwe akuzungulira khola la nkhuku. Miyendo italiitali, kuseri kwa makutu kofiirira, mchira wa mizere yakuda kunsonga. Vuto la vumbwe si msampha kwenikweni koma chibale, amakwerana ndi amphaka a pakhomo nde m'mbali mwa midzi mumabadwa osakanizika, pang'ono ndi pang'ono vumbwe weniweni n'kumasowa. Pa chithunzi chokha sungatsimikize kuti uyu ndi weniweni, pamafunika kuyeza magazi kapena ubweya, nde onse a kumalire tikungowalemba kuti ooneka ngati vumbwe.

Seputembala

Tazula pafupifupi makamera onse chigawo choyamba n'kusamukira kumpoto cha ku mtsinje wa Dwangwa. Ena mwafunsa kuti bwanji osangozisiya pomwe zikujambula bwino. Masamu aja amafuna kuti nthawi yowerengera isapitirire miyezi itatu, chifukwa ukatalikitsa ena amafa, ena amabadwa, ena amasamuka, nde sukuwerenganso gulu limodzi. Komanso makamera ndi ochepa sangakwane nkhalango yonse nthawi imodzi.

Kumpoto kuno ndi kwina. Misewu ndi yochepa, kuyenda kwambiri ndi kwa pansi mabatire ali kumsana, madzi atsala m'maiwe owerengeka. Ndipo makhadi ake ndi opepuka, masiteshoni ena milungu yathunthu kungojambula gwape mmodzi ndi nungu. Mnyamata amene wangoyamba kumene nafe anafuna kuti tisamutse makamera opanda kanthuwo tikaike pabwino. Ndinamuuza kuti ai, siteshoni yomwe sinajambule nyalugwe nayonso yayankha funso, ikachotsedwa n'kutsala zokhazo za pabwino nambala idzatuluka yonona kuposa zoona zake. Chofunika nkulemba masiku omwe kamera iliyonse inali yamoyo, kuti tisasokoneze pomwe panalibe nyalugwe ndi pomwe panafa batire.

Makhwekhwe nde tawapeza. A gemu anazula mzere wonse wa mawaya pa njira yopita ku madzi, ena a waya wa mabuleki a njinga, ena okhuthala ofuna nyama zazikulu. Wotchera amafuna gwape kapena nguluwe ya ndiwo kapena yogulitsa, za nyalugwe alibe nazo, koma waya sufunsa dzina. Ndipo olo nyalugwe asakodwe, zomwe zikukodwazo ndi chakudya chake, nde amaphedwa kawiri. Tili ndi chithunzi cha fisi ali ndi chilonda chozungulira khosi lonse, waya udakali pomwepo, tapereka malo ake kwa oyang'anira nkhalango mwina madokotala a nyama angamupeze. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017 mpaka zaka 30 kundende pa milandu ya nyama zotetezedwa kwambiri, anthu kumidzi akulidziwa ndithu, koma waya ndi wotchipa ndipo nkhalango ndi yaikulu.

Makamera awiri abedwa, anachita kudula mtengo womwe poti loko inawakanika. Chomwe chimandiwawa si kamera koma khadi.

Pa nkhani ya anthu ojambulidwa, poti yafunsidwa kangapo: makamerawa sitinatchere anthu. M'nkhalango muno mumalowa anthu osiyanasiyana, ena mwa chilolezo monga a njuchi ndi otola matondo nyengo yake ikafika, ena mozemba. Zithunzi za anthu sitiziika pa intaneti, sitizitumiza pa WhatsApp, zimasungidwa padera motsatira zomwe tinagwirizana potenga chilolezo. Tinanenanso izi pamaso pa afumu.

Okutobala

Kutentha kwake kosachita kunena, ndipo makamera ayamba ulesi masana. Sensa ija imadalira kusiyana kwa kutentha pakati pa nyama ndi malo ozungulira, nde mpweya ukatentha kufika pafupi ndi thupi la nyama, chinthu chimatha kudutsa osajambulidwa. Tapezapo mapazi atsopano a nyalugwe pa mchenga kutsogolo kwenikweni kwa kamera, kutsegula khadi mulibe. Mwayi wake amphaka amayenda kwambiri usiku kukazizirako. Mabatire nawo, tinagula ena otchipa m'tauni makatoni ake okongola, sanathe olo sabata ziwiri, tabwerera ku ochajidwa aja ndi sola ya ku kampu.

Koma mwezi uno ndi wa njuzi. Pa dambo lina lomwe lidakali ndi chinyezi kamera yagwira njuzi kangapo, ndipo ulendo wina inagwira ili m'malere, miyendo yonse inayi yachoka pansi, ikudumphira china chake mu udzu. Chithunzi chotsatira ili ndi mbewa kukamwa. Kanyama kokongola, miyendo italiitali, mutu waung'ono, makutu akuluakulu omwe imamvera mbewa zili pansi pa udzu osaziona. Chakudya chake chachikulu ndi mbewa, mbalame ndi achule, nde moyo wake wonse uli pa dambo, dambo likalimidwa kapena kupsa chaka ndi chaka njuzi imasowa kolowera. Kunja kwa nkhalango madambo ambiri asanduka madimba ndi nazale za fodya, nchifukwa chake ndikuona kuti madambo a mkati muno ndi ofunika kuposa mmene timawaonera. Njuzi nazo zili ndi mawanga osiyana iliyonse, zikhoza kuwerengedwa, koma makamera athu anatalikirana motengera nyalugwe ndipo ali m'misewu osati m'madambo, nde nambala ya njuzi sitidzapereka, tidzangonena pomwe zapezeka. Ndalemba kale pempho loti chaka chamawa tidzakhale ndi kagulu ka makamera ka madambo okha.

Caracal nayenso watulukira kamodzi, wofiirira wopanda mawanga, makutu a nsonga zaubweya wakuda. Ameneyo kumusiyanitsa ndi mnzake nkosatheka, tangolemba kuti alipo. Achikulire aja ataona chithunzi anati zaka zonsezi anamuonapo ndi maso kamodzi kokha.

Mkango sitinaujambule. Ku Kasungu kulibe gulu la mikango lokhazikika, imangodutsa apo ndi apo imodziimodzi, kawirikawiri yochokera mbali ya Zambia. Tsiku lina ndikufunsafunsa za mikango tili pakati pa tchire achikulire aja anandidula, akuti ukatchula mkango kwera m'mwamba, nde nkhaniyo inathera pomwepo.

Kunabweranso funso kuchokera kwa wina wa ku Mzimba, loti kodi amphakawa safunidwanso chifukwa cha zikopa zawo. Zoona, zikopa za nyalugwe ndi njuzi zimafunidwa pa zovala za miyambo m'madera ambiri kum'mwera kwa Africa kuno. Bungwe la Panthera, loteteza amphaka a m'tchire, linayesa njira yopanga zikopa zochita kusoka zooneka ngati zenizeni, linayamba ndi a mpingo wa Shembe ku South Africa, kenako mu 2019 ndi a Lozi ku Zambia, aja a mwambo wa Kuomboka, mogwirizana ndi mafumu awo. Ine ndikuona kuti chinayendetsa nkhaniyo nchakuti eni mwambo ndi amene anatsogola. Ntchito yathu ino siinafike kumeneko, ife tikungowerenga.

Novembala

Mabingu ayamba, masuku apsa, anyani onse asamukira m'misuku nde makamera apumako. Tayamba kuzula a kutali kaye chifukwa mvula ikangogwa kawiri katatu madambo a kumpoto sawolokeka, galimoto ikatitimira kumeneko imadikira thirakitala.

Nkhani yabwino: tinasiya makamera ochepa chigawo choyamba ongoyang'anira, osalowa mu masamu, ndipo F1 wadutsa ndi mwana. Kamwana kamodzi, kali pambuyo pake, miyendo ikuluikulu kuposa thupi. Nyalugwe amatenga bere miyezi itatu ndi masiku pang'ono, amabisa ana m'mapanga kapena m'ziyangoyango masabata oyambirira, nde pomwe tinkamujambula koyamba mu Juni muja n'kutheka anali ndi bere kapena atangoswa kumene. Mwanayo sitimuwerenga, timawerenga akuluakulu okha, ana ambiri safika chaka chifukwa cha afisi ndi mphongo zachilendo zomwe zimapha ana omwe si awo. Akapulumuka adzakhala ndi mayi ake mpaka chaka ndi theka kapena ziwiri. Tasunga zithunzi zake mbali zonse ziwiri, mawanga sasintha, nde akadzatulukanso ali wamkulu tidzamudziwa.

Ambiri mukufunsa nambala. Sindipereka pano. Zithunzi za chigawo chachiwiri sizinathe kuonedwa ndi anthu awiri, masamu sanayendetsedwe, ndipo lipoti liyenera kukafika kaye ku dipatimenti ya za nyama zakutchire lisanatuluke kunja. Chomwe ndinganene ndi chomwe maso aona: kufupi ndi Lifupa komwe kuli madzi, nyama ndi alonda, anyalugwe omwewo akumabwerezabwereza, kumpoto masiteshoni ambiri ali duu. Komanso nambala ikadzatuluka idzabwera ndi malire ake a pansi ndi a pamwamba, ndipo anyalugwe akakhala ochepa malirewo amatalikirana, nde mwina sitidzatha kunena motsimikiza kuti achuluka kapena achepa poyerekeza ndi 2018. Zikadzatero tidzalemba choncho, ndipo mpofunika kudzabwereza malo omwewa, nyengo yomweyi, njira yomweyi.

Mphongo ya khutu long'ambika ija siinadutsenso pa makamera awiri amoyo, nde ikadali mizere iwiri m'buku, mnzanga akuti tibetcherane nkhuku. Zotsala sabata ino: kuzula masiteshoni a m'mbali mwa Dwangwa, kukopera makhadi onse pa ma hard drive awiri imodzi ipite ku Lilongwe, kutsuka makamera n'kuchotsamo mabatire asanachite dzimbiri, komanso kubwerera kumudzi kuja kukaona ngati chitseko cha khola chinaikidwa.